Ndodo Yoimikidwa Pakati pa Tiyi

1983

Tsiku limene ndinayamba ukapitawo kunali chiperoni. Nkhungu inali itaphimba munda wonse, kamvula kakuwaza mwakachetechete, moti ukaima kumtunda kwa mzere sunkaona kumene mzerewo wathera. Chimene ndinkamva chinali chitsulo cha pa ofesi chikulira, thirakitala ikutsokomola kumsewu wa kumunsi, ndi kaphokoso ka masamba akuthyoledwa, kofanana ndi mbuzi zambiri zikudya msipu. M'nkhungumo mayi wina ankatsogolera nyimbo ya Chilomwe, anzake akuvomera. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, nditavala jekete yobwereka kwa mlamu wanga.

Ndikulemba izi, ana anga, chifukwa chaka chatha Chifundo anandifunsa kuti zinatani kuti munthu amene ndinali kapitawo zaka makumi awiri ndikamalizire ntchito ku nazale, ndikuthira dothi m'machubu. Ndinamuyankha kuti zinali za kampani. Yankholo linali lalifupi kuposa nkhaniyo.

Ntchito anandiphunzitsa ndi a Mulipa, kapitawo wamkulu wa divishoni yathu, munthu wa mawu ochepa amene ankayenda ndi ambulera yothyoka nthiti ziwiri. Anandisonyeza kuti tiyi amathyola masamba awiri ndi nsonga, osapyola apo. Anandisonyezanso kuti pamwamba pa mitengo payenera kukhala pofanana ngati tebulo, ndipo anthu amapatchuladi tebulo. Wothyola aliyense amakhala ndi dengu kumsana ndi ndodo yaitali yansungwi. Ndodoyo amaigoneka pamwamba pa mitengo, n'kumathyola zokhazo zimene zatulukira pamwamba pake. Kapitawo amayenda m'mbuyo, kuona ngati tebulo lili bwino ndiponso ngati palibe mzere wodumphidwa.

Anandipatsa gulu la azimayi. Wolitsogolera, ngakhale kuti palibe anamusankha, anali mayi Namaona a ku Nchilamwela, wamfupi, wa mawu aakulu, wosasiyana ndi kabotolo ka fodya wapamphuno. Atandiona anasiya kuthyola.

"Anzanga, atitumizira mwana wa sukulu. Mwadya koma, a kapitawo? Mphepo ya kuno imatenga anthu owonda."

"Ndadya, mayi."

"Jeketeyo mwini wake akudziwa kuti ili kuno?"

Gulu lonse linaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa panalibe china chochita. Kenako ndinaona ndodo imodzi, kumapeto kwa munda, yosagonekedwa koma yozikidwa chilili pakati pa mitengo. Ndinafunsa kuti yaimikidwiranji.

"Ikuuma," anatero mayi Namaona.

"Mu chiperoni muno?"

"Nsungwi za ku Thyolo zimauma ndi mvula. Sanakuphunzitseni kusukuluko?"

Masana ndinawauza a Mulipa. Anati, "Tebulo lili bwino?" Ndinati lili bwino. "Masamba ali bwino?" Ndinati ali bwino. Anati, "Ndiye zinazo zisiye. Munda wa azimayi uli ndi malamulo ake."

1986 mpaka 1988

Amayi anu, Esinati, ndinawapeza kutchalitchi, akuimba kwaya tsiku la Sabata. Nawonso ankathyola tiyi. Titakwatirana, akuluakulu anati mwamuna sangayang'anire mkazi wake, choncho ine anandisamutsira ku divishoni ya kumtunda, iwo n'kuwaika m'gulu la mayi Namaona. M'mawa tinkatuluka limodzi m'nyumba ya esiteti, n'kusiyana pa mlatho.

Inu mukudziwa kuti Chifundo ndiye woyamba kubadwa. Si choncho. Chakumapeto kwa 1987 amayi anu anapita kwawo ku Nchilamwela kukachira, ndipo mwana anabadwa atafa kale. Mwana wotere, monga mwa mwambo, amaikidwa ndi azimayi okhaokha. Palibe kulengeza maliro, palibe bokosi, palibe nyimbo, ndipo mayi wake amamuuza kuti asalire, kuopa kuti angatseke njira ya ana ena. Ine anandikhazika pakhonde la amalume awo n'kundiuza kuti zachitika, azimayi akonza. Sindinamuone mwanayo, ndipo kumene anamuika sanandisonyeze. Ndinapemphera, ndinawawerengera amayi anu za Yobu, ndipo Lolemba ndinabwerera ku ntchito.

Patapita milungu ingapo nawonso anabwerera, mvula itayamba, nthawi imene tiyi amaphuka usana ndi usiku ndipo othyola sapuma. Kunyumba ankaphika, ankachapa, Sabata ankaimba. Mawu anali ochepa, komanu sanali munthu wolongolola chiyambire. Ine ndinkathokoza Mulungu kuti wawalimbitsa, ndipo ndinanenapo zimenezi pamaso pa mpingo.

1989 mpaka 2003

Zaka zimenezi anandizunguliza madivishoni anayi. Inu atatu munabadwa, ndipo Tamanda atayamba kuyenda amayi anu anasiya tiyi n'kuyamba kulima ndi kugulitsa nthochi. Mabwana anabwera n'kupita. Panali mzungu wina amene tinkamutcha Kamphepo, chifukwa ankatulukira ndi njinga yamoto usanamumve. Panali wina amene ankadziwa dzina la wothyola aliyense koma sankapatsa moni kapitawo. Panali dzinja lina limene zovala zamvula sizinabwere, ndipo azimayi anang'amba matumba a feteleza n'kuboola pakati polowetsa mutu. Ine ndinkachita manyazi kuyenda ndi ambulera pakati pawo, mpaka ndinaisiya kunyumba. M'chaka cha njala ija, phala la pa esiteti ndilo linali chakudya chokha cha ambiri, ndipo ndinkaona azimayi akulithira m'zigubu kuti akapatse ana, iwo n'kubwerera m'mizere opanda kanthu m'mimba. Sindinamvepo mmodzi akudandaula kwa ine. Ankaimba, ankanyozana, ankandinyoza ine.

Mu 2001 anandibwezera ku gulu la mayi Namaona. Imvi zinali zitayamba, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Mwabwera, mwana wa sukulu? Jekete ija munabweza?"

Tsopano ndinali wamkulu mokwanira kuyang'ana osafunsa, ndipo pang'onopang'ono ndinamvetsa za ndodo ija. Mayi akabwera ku ntchito mtima utamulemera, kaya mwamuna wammenya, kaya mwana ali kuchipatala, kaya ndi chinthu chopanda dzina chimene chimangomukhalira pachifuwa, sankanena kanthu. Ankangozika ndodo yake chilili. Awiri a m'mizere ya m'mbali mwake ankatambasula manja n'kumathyola mzere wake pamodzi ndi yawo, akuponya masamba m'dengu lake. Iye ankatha kuthyola pang'ono, kapena kukhala pansi pakati pa mitengo, pamene munthu wa kumsewu sangamuone. Palibe ankamufunsa. Nthawi zina mayi Namaona ankayambitsa nyimbo yaphokoso, ndipo ndinadzazindikira kuti ankatero pofuna kuti kulira kwa mnzawo kusamveke. Mawa lake, kapena mlungu wotsatira, ndodoyo inkagona, ndipo mayi uja ankathyolera wina. Tebulo linkakhala bwino. Masamba ankakhala bwino. Ndinakumbukira a Mulipa, ndipo ndinazisiya.

2004

Chaka chimenecho tinalandira bwana wachinyamata, Mmalawi mnzathu wochokera ku koleji. Othyola anamutcha a Changu. Sanali munthu woipa. Ankafuna kuti masamba oipa akapezeka ku fakitale adziwe amene wathyola, choncho analamula kuti aliyense akhale ndi mzere wake ndipo munthu asaponye dzanja mu mzere wa mnzake. Wophwanya lamulo achotsedwe, ndipo kapitawo wolekerera aone zomuona.

M'gulu langa munali mayi wachitsikana, Felesiya, wa ku Khonjeni, wa ana awiri. Mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo tsiku lina kunabwera uthenga kuti wamwalira ndipo amuika komweko. Mtembo sunabwere. Panalibe manda oti apiteko. Ndodo ya Felesiya inaima mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anawonda, anasiya kupesa, ndipo kunyumba za esiteti ana anayamba kumutcha wamisala. Komabe m'mawa uliwonse mayi Namaona ankadzera pakhomo pake, n'kufika naye kumunda.

Lachitatu lina a Changu anasiya njinga yamoto patali n'kulowa m'munda wapansi. Anamupeza Felesiya atakhala pansi pa mitengo, akuyang'ana dothi, pamene mzere wake unali wothyoledwa bwinobwino mpaka kutsogolo.

"Kapitawo, mayi uyu akutani?"

"Sakupeza bwino, bwana."

"Nanga mzerewu wathyola ndani, angelo?" Anamuyang'ana kanthawi. "Ndamva kale za ameneyu. Mutu wake sukuyenda. Mubwere naye ku ofesi Lachisanu, apite kwawo akapume."

Kupita kwawo kunkatanthauza kutuluka m'nyumba ya esiteti ndi ana ake, n'kukakhala yekha m'nyumba ya kumudzi, popanda womugogodera m'mawa. Sindine dokotala, koma ndinkadziwa kuti chimene chinkamugwira mayi ameneyu kuti asagwe chinali munda uja ndi azimayi aja.

Madzulo ndinawafotokozera amayi anu, ali pamphasa akusankha nyemba. Ndinati ndili ndi njira zitatu: kumupereka, kunama, kapena kumuuza bwana zoona zake, kuti aone kuti azimayi ali ndi njira yawo yosamalirana ndipo kampani sitaya kanthu.

"Za ndodo musanene," anatero osadzutsa mutu.

"Inu mukuzidziwa za ndodo?"

"Ndinathyolako tiyi."

"Koma choonadi chimamasula."

"Chimamasula mwini wake. Chimenechi si chanu."

Sindinafunse zambiri. Ndinapemphera, ndipo Lachinayi m'mawa ndinapita ku ofesi n'kumuuza bwana zonse. Anamvetsera mwachidwi, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndachita bwino. Anati ngati zilidi choncho afuna amve kwa eni ake, ndipo mwina akonze dongosolo loti mayi aliyense woimika ndodo azidziwika ku ofesi n'kutumizidwa kuchipatala cha esiteti.

Lachisanu anasonkhanitsa gulu lonse pansi pa mabulugama. Anafunsa za ndodo. Mayi Namaona ananunkhiza fodya wawo, n'kuyetsemula, n'kupukuta mphuno ndi chitenje.

"Ndodo, bwana? Timaimika kuti ziume."

"Kapitawo wanu akuti ndi chizindikiro."

"Iii, a kapitawo amawerenga mabuku ambiri. Ife ndife mbuli, zizindikiro tingazidziwire kuti?"

Anafunsa wina, n'kufunsanso wina. Onse anati sadziwa. Anthu amene ndinayenda nawo pamvula popanda ambulera ankandiyang'ana ngati mlendo. Kenako anafunsa za Felesiya.

"Malungo, bwana," anatero mayi Namaona. "Amupweteka mwezi wonse, iye kuuma mutu osafuna chipatala. Lachitatu lija a kapitawo ndi amene anati timuthyolere. Ife tingakane bwanji mawu a kapitawo?"

A Changu anatembenukira kwa ine. "Ndi zoona? Munawalamula kuphwanya lamulo langa, kenako n'kudzandipekera nthano?"

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kutchula masiku ndi mayina, chifukwa zonse zinali m'mutu mwanga. Ndinayang'ana Felesiya, ataima pakati pa azimayi awiri amene anamugwira m'zigongono ngati akungomuyandikira. Malungo ndi matenda aulemu. Munthu amapatsidwa mankhwala n'kubwerera ku ntchito. Sindinafune kunama, ndipo sindinafune kumugwetsa. Ndinati, "Ndinaona akumuthyolera, bwana, ndipo sindinaletse."

Felesiya anamutumiza kuchipatala, n'kubwerera patapita masiku anayi. Ine mwezi usanathe anandivula ukapitawo n'kunditumiza ku nazale.

2004 mpaka 2017

Ku nazale timadula timitengo ta tiyi, timazika m'machubu a dothi, timathirira pansi pa mthunzi wa udzu, ndipo timadikira. Ndi ntchito yoyenera munthu wosafulumira, ndipo ndinadzaikonda. Koma sindikubisirani, ana anga: ndinasunga chakukhosi. Sindinakalipire munthu. Ndikakumana ndi mayi Namaona panjira ndinkangogwedeza mutu, iwo n'kunena kuti, "Ali bwanji ana a tiyi?" ine osayankha. Nthawi ya Mgonero ikafika, pamene timasambitsana mapazi, ndinkagwada ndi beseni patsogolo pa mbale wanga, ndikudziwa kuti pali anthu makumi atatu amene mapazi awo sindikanawakhudza. Amayi anu sananenepo kuti ndinakuuzani. Ankangonditsukira malaya a matope. Ndinapuma ntchito mu 2017, ndipo tinasamukira kwawo ku Nchilamwela.

2022

Amayi anu anatisiya mwezi wa Julaye, monga mukudziwa. Patapita masiku anayi chiikireni maliro, inu mutabwerera ku ntchito zanu, ndinali pakhonde m'mawa pamene makabaza awiri anaima pabwalo. Pa njinga imodzi panatsika mayi wonenepa bwino, wa duku loyera, amene sindinamuzindikire mpaka atalankhula. Anali Felesiya. Anathandiza mayi Namaona kutsika pa inayo. Mayi Namaona anali atakalamba kwambiri, maso akuyera, ndipo tsopano ankakhala kwa mwana wawo ku Chimaliro. Ndinawayalira mphasa.

"Tinamva mochedwa," anatero mayi Namaona. "Pepani, abambo a Chifundo."

"Zikomo, mayi."

"Mukadali wowonda."

Sindinaseke. Anatulutsa kabotolo kawo, n'kukagwira m'manja osatsegula.

"Esinati anati ndisakuuzeni iye ali moyo. Tsopano wapita. Dzinja lija atataya mwana woyamba, ndodo yake inaima kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga chitacha. Palibe ndodo inaimapo nthawi yaitali chotero m'gulu langa. Kunyumba anamuletsa kulira, ndiye ankalirira pansi pa tiyi. Ine mawu anandithera ndi kuimba. Tsiku lina anavula dengu n'kuyamba kutsetserekera ku damu la esiteti. Ndinamutsatira. Ndinati, iwe Esinati, ndiperekeze kuthengo, ndikuopa njoka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiperekeza. Kuyambira tsiku limenelo sitinamusiyenso yekha."

Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Kenako ndinafunsa kuti, "Bwanji sanandiuze?"

"Mukanamuwerengera Yobu."

"Nanga inu?"

"Munali kapitawo. Munalinso mwamuna. Mukanathamanga nazo ku ofesi kapena kwa abusa, ndi mtima wanu wabwinowo, monga munachitira ndi uyu." Analoza Felesiya ndi chibwano. "Tsiku lija pa mabulugama tikanavomera, ndodo ikanakhala ya ku ofesi. Mkazi akanaimika bwanji, akudziwa kuti masana dzina lake likhala pakamwa pa bwana, madzulo ana akumutcha wamisala? Palibe akanaimikanso. Tinaona kuti pakufunika kutaya chimodzi, kapitawo kapena ndodo. Tinataya kapitawo. Ine sindinabwere kudzanena kuti tinalakwa. Ndabwera kuti mudziwe."

"Ine ndabwera kudzapepesa," anatero Felesiya. "Munataya udindo chifukwa cha ine, ndipo sindinabwere ngakhale kudzakupatsani moni. Ndinkachita manyazi. Ana anga aja anakula, wina ndi telala ku Khonjeni. Ndili ndi zidzukulu zinayi. Ndikadali m'gulu lomwe lija."

"Ndiye amaimba tsopano," anatero mayi Namaona. "Mawu ngati chule, koma amakwana."

"Ndodo zimaimabe?" ndinafunsa.

Felesiya anayang'ana mayi Namaona, n'kundiyang'ana ine. "Zimauma ndithu, bambo."

Apo ndinaseka, koyamba chichokereni amayi anu.

Asananyamuke, mayi Namaona anati ndiwagwire dzanja. Anali mmodzi mwa azimayi amene anaika mwana uja, ndipo anati otsala amene akudziwa malowo ndi iwo okha. Tinayenda pang'onopang'ono kudutsa m'munda wa chinangwa mpaka m'mphepete mwa manda, kumunsi kufupi ndi kamtsinje. Anafufuza ndi phazi, n'kuima pafupi ndi tsinde la nsungwi. Panalibe mulu kapena mwala.

"Ndi apa. Anali wamkazi."

Zaka makumi atatu ndi zisanu sindinkadziwa kuti anali wamkazi. Azimayi awiri aja anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kundifulatira. Nditayamba kulira, ndinamva Felesiya akuyambitsa nyimbo ya Chilomwe, mokweza, mayi Namaona akuvomera ndi mawu otha.

Kupepesa kwa Felesiya sindinakuyankhe tsiku limenelo. Mukundidziwa, sindifulumira. Ndinawaperekeza pa makabaza, ndinawapatsa phava la nthochi za amayi anu, ndipo ndinakhala ndi nkhaniyi miyezi itatu. Ndinkaganiza za malaya a matope aja, ndi za umboni umene ndinapereka kutchalitchi kuti Mulungu wawalimbitsa amayi anu. Umboniwo sunali wabodza. Kungoti sindinkadziwa manja amene anagwiritsa ntchito. Iwe Chifundo, iwe Yohane, iwe Tamanda, nonse munabadwa pambuyo pa tsiku la ku damu lija.

Tamanda, umandiimbira foni ukutuluka kuchipatala kumene umagwira ntchito, n'kumati uli bwino, ungotopa. Mwina ulidi bwino. Sindikufunsa, ndipo Yobu sindikuwerengera. Ndikungofuna kuti pakhale wina pambali pako amene angazindikire tsiku limene suli bwino.

Mgonero wa mwezi wa Okutobala usanafike ndinakwera kabaza kupita ku Chimaliro. Ndinawapeza mayi Namaona ali padzuwa, akupukusa chimanga. Anandizindikira ndi mawu.

"Mwana wa sukulu. Mwadzatani?"

Ndinawauza chimene ndinadzera, ndipo ndinawapempha kuti akauze Felesiya ndi ena onse amene akadali moyo. Anati uthengawo wachedwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma aufikitsa. Anamwalira chaka chotsatira.

Anandinamizira pamaso pa bwana, anandichotsetsa udindo, ndipo anandibisira za mkazi wanga. Ndinawakhululukira.